Mwini Filimu Safa

Zaka za m'mbuyomu, ukamadutsa madzulo pa Makawa, pa Namiasi kapena kwa M'baluku, chinkayamba kukupeza si fungo la usipa wa pathandala ayi, koma phokoso la mfuti ndi zibakera lochokera m'sipika yomangirira pansungwi. Pansi pa sipikayo pamakhala bolodi lolembedwa ndi choko, ndipo kuseri kwa chinsalu cha pakhomo kumakhala mabenchi, kanema mmodzi pamwamba pa tebulo, ndi jenereta yolira kuseri kwa mpanda. Ku Mangochi kulibe nyumba ya kanema ya mipando ya wofowofo ngati za ku Johannesburg. Sinema yathu idakhala vidiyo sho, ndipo ine ndidaphunzira kuonera filimu m'menemo, nditapanikizika pakati pa alovi amene akudikira mdima kuti akalowe panyanja ndi nyali zawo.

Lero masipika ambiri adakhala chete. Otsalawo amadzaza anthu Loweruka ndi Lamulungu, koma chowadzaza ndi mpira wa ku England, osati filimu. Ukafunsa mwini wake, yankho ndi limodzi: foni. Akunena zoona. Mnyamata amapita pa malo obenera, nkulowetsa mafilimu khumi m'memore kadi pa ndalama yochepa, nkukaonera ali chigonere pamkeka. Amene ali ndi achibale ku Joni adalandira mafoni a galasi lalikulu, ndipo amene ali ndi ndalama ya bandulo ali pa YouTube ndi TikTok. Netflix idafika m'Malawi mu Januwale 2016, pamene idatsegula zitseko m'maiko 130 nthawi imodzi. Kunja nako nkhani ndi yomweyo: mliri wa Covid utatseka nyumba za kanema mu 2020, kampani ya Warner Bros. idatulutsa mafilimu ake onse a 2021 pa intaneti tsiku lomwelo limene ankayamba kuonetsedwa m'nyumba za kanema, ndipo anthu adazolowera kudikira filimu kunyumba.

Komatu ine sindikhulupirira kuti foni yokha ndiyo idatulutsa anthu m'zisakasa zija. Pali china chimene chidawonongeka m'kati mwa mafilimu enieniwo, ndipo mwana aliyense wa pa vidiyo sho amachidziwa ndi dzina: mwini filimu safa.

Mawu amenewa tinkawanena ngati otonthozana. Mwini filimu akamangidwa manja, mfuti ili pamutu, wina kumbuyo amakuwa kuti musadandaule, safa ameneyo. Koma tinkawanena chifukwa choti mtima unali m'mwamba. Tikadakhala otsimikiza, bwenzi palibe wokuwa. First Blood ya mu 1982 imagwira mtima chifukwa John Rambo ndi munthu wovulala, wanjala, wozizidwa, amene akudzisoka yekha bala la pamkono m'nkhalango, ndipo pamapeto akulira ngati mwana pamaso pa mkulu wake wa kunkhondo. Thupi lake limamva kupweteka, ndipo wopanga filimuyo adaonetsetsa kuti ife tikumva nawo. Pofika pa Rambo yachisanu mu 2019, chidatsala ndi dzina ndi mpeni.

Taonani mndandanda wa Fast & Furious, umene achinyamata a kuno amaudziwa mutu ndi mchira. Letty adafa mu filimu ya 2009, nkudzabweranso wamoyo mu ya 2013. Han adapsa m'galimoto mu Tokyo Drift ya 2006, nkudzatulukiranso mu F9 ya 2021, momwemo mmene galimoto idakwera mpaka kunja kwa dziko lapansi. Gisele adagwa pa bwalo la ndege mu gawo lachisanu ndi chimodzi, ndipo kumapeto kwa Fast X tidamuona akusuzumira ali bwinobwino. Wolemba akachita zimenezi katatu, wathetsa imfa m'dziko la nkhani yake, ndipo akathetsa imfa wathetsanso mantha. Galimoto igubuduzike kakhumi, mlatho ugwe, woonera amangoyasamula, pakuti palibe chimene chingatayike.

Ndalama zimachitira umboni. Gawo limene lidapeza zambiri pa mndandanda wonsewo ndi Furious 7 ya 2015, pafupifupi madola 1.5 biliyoni, ndipo ndi gawo limene Paul Walker adamwalira pa ngozi ya galimoto mu Novembala 2013 asadamalize kulijambula. Anthu adapita kukatsazika munthu amene sadzabweranso. Fast X ya 2023 idapeza pafupifupi theka la ndalamazo. Ku Marvel nkhani ndi imodzimodzi. Avengers: Endgame ya 2019, mmene Tony Stark amafera, idayandikira madola 2.8 biliyoni. Patapita zaka zinayi The Marvels idangopitirira pang'ono madola 200 miliyoni, ndipo kuti uimvetse bwino umayenera kukhala utaonera kale masewero ena a pa Disney+. Chaka chomwecho anthu adakhamukira ku Oppenheimer, filimu ya maola atatu ya amuna olankhulana m'zipinda, yopanda gawo lachiwiri.

Ife a kuno tidatopa ndi matendawa kale, Hollywood isadawatchule dzina. Mafilimu a ku Nigeria atafika pa ma CD, tidawakonda chifukwa apongozi, asing'anga ndi abusa a m'menemo tinkawazindikira. Kenaka ochita malonda adaphunzira kudula nkhani imodzi pakati nkuigulitsa kawiri, mwina kanayi. Mayi amayenda kuchoka pageti mpaka pakhomo mphindi zitatu, nyimbo ikulira, kamera ikumulondola phazi ndi phazi, ndipo nkhani ikafika pokoma pamatuluka mawu oti dikirani gawo lachiwiri. Ndikukumbuka usiku wina mkulu wina wa makoka adaimirira pabenchi nkufunsa mwini sho, mwaulemu ndithu, ngati ndalama imene adapereka inali ya theka la nkhani. Sadabwerenso mawa lake.

Agogo athu ankadziwa zimene opanga mafilimuwa adaiwala. Nthano imayamba ndi kuitana, omvera nkuvomera kuti ali limodzi ndi wosimbayo, ndipo ikafika pothera, wosimba amanena poyera kuti yathera pomwepo. Kalulu amabweranso mawa, inde, koma m'nthano ina, yokhala ndi mfundo yake ndi mathero ake. Fisi akapsa, wapsa. Palibe gogo amene amadzutsa fisi wa dzulo nkunena kuti sadafe kwenikweni. Ana akadamuthawa pabwalo.

Chimene chidatalikitsa moyo wa vidiyo sho, m'kuona kwanga, ndi luso la anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa. Anthu ophunzira amawanyoza kuti amawononga filimu, ndipo nthawi zina amawonongadi: amalankhula pamwamba pa chete amene wopanga filimu adamuika dala, amaulula za kutsogolo, amabwereza nthabwala imodzi mpaka kuisukulutsa. Koma waluso pakati pawo amachita ntchito ya gogo uja. Amapatsa msilikali wa ku America dzina la kumudzi, amasandutsa chakudya cha patebulo kukhala nsima ya utaka, amadziwa poseketsa ndi potsitsa mawu. Koposa zonse, amabwezeretsa mantha pamene filimu idawataya. Amamudandaulira mwini filimu ngati mbale wake, mpaka iwe woonera umayamba kukayika ngati apulumukedi. Ndaonapo filimu yopanda mutu ikukhala yamoyo chifukwa cha pakamwa pa womasulira. Mawu amenewa amakoma pagulu, pamene kuseka kwa mmodzi kumayatsa benchi lonse. Pafoni, uli wekha ndi timawaya m'makutu, amamveka ngati munthu wokuwa m'nyumba yopanda anthu, ndipo chala chimathamangira kudumphitsa kuti ufike pomenyana.

Pamenepa mpamene ndimaganizira The Last Fishing Boat, filimu ya Shemu Joyah ya mu 2012, imene nkhani yake ili m'mbali mwa nyanja yomwe ino. Hope Chisanu ndi Yusufu, msodzi amene nsomba zikumuthera m'nyanja ndipo ulemu ukumuthera pakhomo. Flora Suya ndi Abiti Anefa, mkazi wake wachitatu, amene mlendo wachizungu wamuponyera diso, ndipo mwana wa Yusufu wasiya ukonde nkuyamba kuperekeza alendo odzaona nyanja. Filimuyi ili ndi zofooka zake; pena anthu ake amalankhula motalika ngati ali pasiteji, kufotokoza zimene nkhope zawo zanena kale. Koma ili ndi chimene Fast X ilibe. Chilichonse chimene Yusufu angataye ndi chotayikadi. Chambo chikatha m'nyanja sichibwera mu gawo lachiwiri, ndipo aliyense wa ku Malombe kapena ku Chembe amadziwa zimenezi popanda womufotokozera. Joyah amalola kamera kukhala pamadzi ndi pankhope ya munthu nthawi yokwanira kuti kulemera kwa zinthu kukufike, ndipo nyimbo zake zidapata mphotho ku Africa Movie Academy Awards mu 2013.

Chimandiwawa nchakuti filimu imeneyi sindidaionepo italembedwa ndi choko pa bolodi la vidiyo sho iliyonse kuno. Idayenda m'zikondwerero za mafilimu kunja, pamene alovi amene moyo wawo uli m'menemo ankaonera magalimoto a ku Los Angeles. The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, idatuluka pa Netflix mu Malichi 2019, ndipo ambiri kuno adaipeza kudzera m'memore kadi, aliyense payekha. Ndikadakonda kuiona m'chisakasa chodzaza, kuti ndimve mmene chipinda chikadakhalira chete pofika pa njala ya 2002, imene theka la okhala pamabenchiwo adaiona ndi maso, ndiponso mmene chikadaphulikira ndi ndemanga pomva Chichewa cha wosewera Chiwetel Ejiofor.

Mwezi wathawu ndidalowanso m'vidiyo sho ina kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, masana a Lachitatu, mwera utaletsa maboti kulowa panyanja. Tinalimo anthu asanu ndi anayi. Pakanema mwini filimu adalumpha kuchoka padenga la nyumba yosanja, moto uli kumbuyo kwake, ndipo palibe adakuwa kuti safa. Mnyamata amene adakhala pafupi nane adali ataweramira foni yake, akuonera filimu ina.