Luso Lokamba Imfa ya Gomani Chikuse

Mu Okutobala 1896, asilikali a boma la Britain anawombera Inkosi Gomani Chikuse pafupi ndi Dombole m'boma la Ntcheu, atamuimba mlandu woukira midzi yozungulira mishoni. Nkhaniyi imakambidwabe ku Lizulu, m'masukulu, ndiponso pa mwambo wa Angoni wa Umhlangano ku Nkolimbo. Luso la wokamba mbiriyi limaonekera pa mneni amene wasankha ikafika nthawi yoti mfumu igwe, chifukwa mneniyo ndiye amagamula mlandu m'mitima ya omvera.

Azungu anaidziwa bwino mphamvu imeneyi. Chingerezi chinatola mawu a kupha m'zinenero zambiri, makamaka Chifalansa chomwe chinalowa m'makhothi a ku England pambuyo pa 1066. "Execute" anachokera ku Chilatini kudzera m'Chifalansa, ndipo gwero lake ndi kutsata chinthu mpaka pamapeto. Munthu akaphedwa ndi mawu amenewa, zimamveka ngati angomaliza ntchito ya mu ofesi. "Murder" kale ankanena kupha kwa mseri komwe kuli mlandu. "Assassin" ndi dzina la Chiarabu lomwe linapatsidwa kwa otsatira a Hasan-i Sabbah, amene anakhazikika ku Alamut m'dziko la Persia mu 1090 namapha atsogoleri mwachiwembu. Mneni wa Chifalansa "tuer" poyamba ankanenanso kuzimitsa moto. Wolemba wa boma akasankha liwu loyamba lija la "execute", wakupha amasanduka wantchito womvera lamulo, magazi osaoneka.

Chichewa chili ndi njira yake. Chimagwira tsinde limodzi n'kumalipinda: kupha, kuphedwa, kuphana, kuphetsa. Apa ndi pamene okamba athu ambiri, makamaka a zisudzo za kusukulu ndi a pawailesi, amaterereka. Akati "Gomani anaphedwa", wakupha amazimirira, chiganizo n'kutha mfuti ilibe mwini. Ena amati "ananyongedwa" pofuna kutanthauzira liwu la m'mabuku lija la "execute", chonsecho mfumuyo sinafe ndi chingwe. Kunyonga kumabweretsa m'maganizo ndende ya Zomba ndi chigawenga chomwe khothi lachipeza cholakwa, motero wokamba amavomereza chigamulo cha atsamunda osadziwa.

Mkulu wodziwa kukamba safulumira. Amayamba ndi ulendo: mfumu yagwidwa, akuitenga, ndipo monga Angoni amanenera, ikukana kuyenda ngati wandende. Mawu amatsika, omvera amasendera pafupi. Kenako amati "anamuwombera", mneni wokhala ndi anthu ochita, ndipo amakhala chete kanthawi asanapitirize. Akafuna kuloza onse amene anakonza njira ya imfayo, amati "anamuphetsa", ndipo kachidutswa kamodzi kokha kamatambasula mlandu kuchoka pa msilikali kufika pa amene anamutuma.

Wokamba yemweyo akatembenukira kwa Angoni olira, chinenero chimasintha. Mfumu siifa ngati nkhuku yozingidwa. Amati yagona, yatisiya. Ulemuwu ndi woyenera, koma uli ndi malo ake. Ukabwera msanga, usanatchulidwe mlandu, umafewetsa chiwembu n'kuchisandutsa maliro wamba. Waluso amayamba watchula kupha, kenako n'kupereka ulemu.

Gule wa Ngoma amathandiza pamene pakamwa palephera. Mwamuna wovala nyoni kumutu, chishango kumanzere, chibonga kumanja, akaponda pansi fumbi n'kukwera, amauza omvera kuti amene anagwayo anali mtsogoleri wa ankhondo. Komabe phazi silitchula dzina la wolakwa. Ntchito imeneyo imatsalira lilime.

Ana a ku Ntcheu ambiri lero akukumana ndi mbiriyi koyamba m'mabuku a Chingerezi, ndipo mawu ake amabwera atagamula kale. Aphunzitsi, olemba zisudzo ndi alakatuli athu asamangofunsa kuti liwu lakutilakuti m'Chichewa ndi chiyani. Adzifunse kuti anachita ndani, anamutuma ndani, ndipo asankhe mneni woyankha mafunso amenewo.