Nkhani ya Kisa Gotami ndi Njere za Mpiru

Zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, kumpoto kwa India kunali mphunzitsi dzina lake Siddhartha Gautama, amene omtsata anamutcha Buddha, ndiko kunena Wogalamuka. Chiphunzitso chake choyamba anachipereka pa Sarnath, pafupi ndi mzinda wa Benares, ndipo chinali ndi mfundo zinayi: kuti m'moyo muli masautso, kuti masautsowo amachokera ku ludzu la mtima, ndiko kukakamira zinthu zosakhalitsa, kuti ludzulo likhoza kutha, ndi kuti ilipo njira yolithetsera. Mfundozi nzouma pozimva. Koma ilipo nkhani imodzi imene imazifikitsa ngakhale kwa munthu wosazolowera mabuku.

Nkhaniyi inalembedwa m'chinenero cha Pali, m'buku lofotokoza mawu a Dhammapada, cha m'zaka za m'ma 400. Imanena za Kisa Gotami, mkazi wa mumzinda wa Savatthi, amene mwana wake mmodzi yekhayo anamwalira atangoyamba kuyenda. Mayiyo anakana kuti mwana wafa. Ananyamula mtembo, nayenda khomo ndi khomo kufuna mankhwala, anthu namuyesa wamisala. Atafika kwa Buddha, iye sanamdzudzule ayi. Anamtuma kukapempha njere za mpiru, koma pakhomo pamene sipanagwepo maliro. Mpiru unapezeka ponseponse. Khomo lopanda maliro ndilo linasowa. Pomalizira pake mayiyo anakasiya mtembo wa mwana wake, nabwerera kwa Buddha.

Luso la wolemba lili pa njere zija. Akadasankha mankhwala osowa, oti nkukawafuna kumapiri akutali, mayiyo akadangoyenda yekha ndi chiyembekezo chake. Koma mpiru, chinthu cha m'nyumba iliyonse, unamlowetsa kwa anansi ake, ndipo aliyense anayenera kumtchulira akufa ake. Chotero amene anamphunzitsa ndi anamfedwa anzake. Iye anatuluka akuganiza kuti tsoka ndi lake yekha. Anabwerera atawerenga manda a mzinda wonse.

Ena angati Buddha anamnyenga mayiyo pomtuma chinthu chimene anadziwa kuti kulibe. Mlanduwu si wopepuka. Komatu munthu amene anakhalapo pasiwa adziwa kuti namfedwa samva ulaliki tsiku loyamba. Chimene angathe ndicho kuyenda ndi kuona.

Pamene nkhaniyi ifooka ndi kumapeto, pakuti ithamanga. Kudziwa kuti anthu onse amafa sikuchotsa chisoni, ndipo palibe mayi amene sadziwa zimenezi. Buddha mwini sanaphunzitse kuti kudziwa kokha kukwanira. Njira yake ili ndi mbali zisanu ndi zitatu: kuona koyenera, cholinga choyenera, kulankhula koyenera, kuchita koyenera, ntchito yopezera chakudya yoyenera, khama, kukhala tcheru, ndi kukhazikitsa maganizo pamodzi. Ulendo wa mpiru unampatsa Kisa Gotami mbali yoyamba yokha.

Nkhaniyo imatiuza kuti iye analowa m'gulu la akazi odzipatula otsata Buddha, ndi kuti tsiku lina, poyang'ana malawi a nyale akuyaka ndi kuzima, anamasuka kotheratu. Chithunzi cha nyale nchokoma ndithu. Koma masiku a pakati pa njere ndi nyale, pamene mayi wopanda mwana anali kudzuka m'mawa uliwonse ndi kuphunzira kuugwira mtima wake, wolemba anawadumpha, ndipo mayi wofedwa amene awerenga nkhaniyi akadakonda kumva za masiku amenewo.