Sikelo yoyezera nyengo ya mpira: zomwe Blue Eagles ikutiphunzitsa

Pa Msundwe, m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, mwezi wa Disembala umadza ndi ntchito ziwiri. M'mawa anthu amakhala kumunda, kubzala ndi kupalira. Madzulo, pamakhonde a magolosale ndi m'tinyumba toonetsera mpira, amakhala akuzenga mlandu wa ligi yomwe yangotha kumene. Mlandu wake ndi womwewomwewo chaka ndi chaka: kodi timu yakutiyakuti yachita bwino kapena yalephera? Oweruza amagawikana pawiri. Ena amatulutsa foni, n'kuloza m'ndandanda wa matimu, nati nkhani yathera pomwepo chifukwa manambala sanama. Ena amapukusa mutu, nati iwo adakwera minibasi kukaonera okha ku Nankhaka kapena ku Silver Stadium, ndipo zomwe maso awo adaona sizikupezeka pafonipo.

Mkangano umenewu ndaumvetsera kwa zaka zingapo, ndipo ndikukhulupirira kuti ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota ukuchitikanso chimodzimodzi. Maganizo anga ndi akuti mbali zonse ziwiri zagwira gawo la choonadi, koma mbali ya manambala ndiyo yakula mphamvu m'dziko muno mpaka kutsekereza inzake pakamwa, ndipo zimenezi zikuwononga mpira wathu pamodzi ndi makhalidwe a ouchemerera.

Tiyambe ndi timu yomwe anthu a m'boma la Lilongwe amaidziwa bwino, Blue Eagles, timu ya apolisi ya ku Area 30. M'chaka cha 2022 idamaliza ligi ya TNM pa nambala yachiwiri, pambuyo pa Bullets yokha. M'chaka chotsatira, 2023, idatuluka mu ligi pamodzi ndi Red Lions ndi Extreme FC. M'chaka cha 2024, ikusewera mu ligi yaing'ono ya m'chigawo chapakati, idafika mu ndime yomaliza ya chikho cha FDH Bank, n'kugonjetsa Bullets pa mapenate, ndipo idabwereranso mu ligi yaikulu. Munthu woweruza ndi zotsatira zokha ayenera kunena kuti m'zaka zitatu zokha timu imeneyi idali yachiwiri m'dziko lonse, kenaka imodzi mwa zitatu zoipitsitsa mu ligi, kenakanso yoposa akatswiri. Kodi bwalo lomwelo, utsogoleri wa bungwe lomwelo ndi dzina lomwelo zingasinthe nkhope katatu chotere? Chomveka kwambiri n'chakuti mphamvu zenizeni za timuyi zidali penapake pakati, ndipo zotsatira zidazikuza chaka china, n'kuzichepsa chaka chinacho.

Izi sizodabwitsa kwa amene amaudziwa mpira wamiyendo. Ndi masewera a zigoli zochepa. Pa mpira wamanja wa ntchemberembaye, pomwe timu imaponya zigoli makumi anayi kapena asanu, kulakwitsa kamodzi kumakwiririka, ndipo wamphamvu ndiye amapambana kawirikawiri. Pa mpira wamiyendo chigoli chimodzi chimatha kugamula mphindi 90. Mpira ukagunda chitsulo m'malo molowa, ukadumpha pachibuma pabwalo losasalazidwa, kapena woyimbira akaphonya kuona dzanja, mapointi atatu amasamukira kwina. Ligi yathu ili ndi matimu 16, ndipo timu iliyonse imasewera masewera 30. Pakati ndi kumunsi kwa m'ndandanda matimu amathithikana kwambiri, kotero kuti masewera awiri kapena atatu otembenuka mwangozi amatha kusiyanitsa timu yotsala mu ligi ndi timu yodulidwa.

Tikumbukirenso kuti m'ndandanda womwewo ndi muyeso wopangidwa ndi anthu. Kale timu yopambana inkalandira mapointi awiri. Lamulo la mapointi atatu lidayamba ku England mu 1981, ndipo lidafika pa chikho cha dziko lonse mu 1994. Taganizani za matimu awiri omwe asewera masewera 20. Yoyamba yapambana 10 n'kugonja 10. Yachiwiri yafanana mphamvu m'masewera onse 20. Mwa lamulo lakale onse ali ndi mapointi 20. Mwa lamulo la lero yoyamba ili ndi 30, yachiwiri 20. Kasewero sikadasinthe ngakhale pang'ono, chomwe chasintha ndi sikelo. Mlimi wa pa Msundwe amene wagulitsapo soya kapena mtedza kwa mavenda amadziwa kuti nambala yooneka pasikelo imadalira yemwe adaikonza sikeloyo. Sindikunena kuti m'ndandanda wa ligi ndi wachinyengo. Ndikunena kuti umayeza chinthu chimodzi chokha, ndipo umachiyeza monga momwe anthu adagwirizanira.

Amalawi tonse tidaonapo tsiku lomwe zotsatira zidalephera kufotokoza zomwe zidachitika. Mu Januwale 2022, ku Cameroon, Flames idagonja 1-0 ndi Guinea, idagonjetsa Zimbabwe 2-1, idafanana mphamvu 0-0 ndi Senegal yomwe pambuyo pake idatenga chikho, kenaka idagonja 2-1 ndi Morocco mu ndime ya matimu 16. Papepala zikuoneka zosasangalatsa: masewera anayi, kupambana kamodzi, kugonja kawiri. Koma ndani mwa ife adalandira anyamata aja ngati olephera? Tidaona chigoli chomwe Gabadinho Mhango adamwetsa ali kutali ndi golo la Morocco, tidaona penate yomwe tidapatsidwa posewera ndi Senegal ikufafanizidwa woyimbira ataoneranso kanema, ndipo tidaona timu yosaopa mayina. Tsiku limenelo palibe adatulutsa foni kuti awerenge mapointi. Nanga n'chifukwa chiyani chiweruzo chomwe tidapereka kwa Flames timachimana matimu a mu ligi yathu?

Komatu chilungamo chikufuna kuti mbali inayo nayo idzudzulidwe. Mawu akuti "tinasewera bwino, mwayi ndiwo unalibe" asanduka pobisalira aphunzitsi ambiri. Timawamva pawailesi Loweruka ndi Lamulungu lililonse, ngakhale kuchokera kwa mphunzitsi yemwe timu yake yatha mwezi osamwetsa chigoli. Kupatsirana mpira kokongola pakati pa bwalo kopanda kuopseza goloboyi ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kumwetsa chigoli ndi luso, kuteteza chigoli chimodzi mpaka wezulo yomaliza ndi lusonso, ndipo timu yomwe ilibe maluso awiriwa isanamizire tsoka. Ngozi imatha kugamula masewera amodzi, mwina atatu, koma siibwereza chaka ndi chaka mokomera timu imodzi. Bullets idatenga ligi kasanu motsatizana kuyambira 2018 kufikira 2023, Kalisto Pasuwa ali mphunzitsi pomaliza pa nyengo zonsezo, ndipo mu 2023 idasesa ligi pamodzi ndi zikho za FDH Bank, Airtel Top 8 ndi Castel. Amene anganene kuti umenewu udali mwayi akudzinamiza. Chimodzimodzinso Silver Strikers, pomwe idatenga ligi mu 2024 pansi pa Peter Mponda itadikira kuyambira 2013, sidachite kutola ukatswiriwo panjira. Choncho lamulo lake ndi ili: masewera akachuluka, umboni wa zotsatira umalemera, akachepa, umapepuka. Chikho chogamulidwa pa mapenate ndi umboni wopepuka kuposa ligi ya masewera 30, ndipo ligi imodzi ndi yopepuka kuposa zaka zisanu.

Ku Ulaya akatswiri a masamu ayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi ndi muyeso wotchedwa xG, womwe achinyamata athu amauona pa kanema akamaonera ligi ya ku England. Mfundo yake ndi yosavuta. Mpata uliwonse woponyera kugolo umapatsidwa mtengo potengera malo omwe wosewera adaima, mbali yomwe mpira udachokera, ndi kuchuluka kwa mipata yofanana nawo yomwe idalowa m'mbuyomu. Penate, mwachitsanzo, imalowa pafupifupi katatu mwa kanayi kalikonse, pomwe mpira woponyedwa kuchokera kutali umalowa mwa apo ndi apo. Akaphatikiza mitengo imeneyi amaona ngati timu ikupanga mipata yabwino koma osamwetsa, kapena ikupambana moposa mipata yake. Ndi chida chothandiza, chifukwa chimasandutsa mawu akuti "tinasewera bwino" kukhala chinthu choti n'kuyesedwa. Koma nachonso chili ndi malire. Chigoli cha Mhango chija, mwa muyeso umenewu, chidali mpata wosalonjeza kanthu. Muyesowu sudziwa kuti timu yayenda pabasi kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Karonga, kapena kuti osewera sadalandire malipiro awo pa nthawi yake. Ndipo pabwalo la sukulu ku Nsaru kapena ku Kabudula palibe wokhala ndi kompyuta kuwerenga mipata. Kumeneko chida chathu ndi maso, ndipo maso amafunika kuphunzitsidwa kuona moona mtima.

Wina angafunse kuti nkhani ya mpira ikufuna chiyani m'magazini ya Asilamu. Yankho lili m'zipatso zomwe kupembedza zotsatira kwabala pakati pathu. Choyamba ndi kupanda chilungamo kwa anthu ogwira ntchito. Mphunzitsi amachotsedwa atagonja masewera atatu, popanda wofunsa ngati timu ikukula kapena ikufota, ndipo wolowa m'malo mwake amadziwa kuti alibe nthawi yolera achinyamata, choncho amathamangira osewera otopa kale a mayina odziwika. Woyimbira amathamangitsidwa ndi miyala pa mpikisano wa kumudzi chifukwa cha chigamulo chimodzi. Chipembedzo chathu chimatiletsa kuweruza titangomva mbali imodzi, ndipo pamilandu yambiri chimafuna mboni zoposa imodzi. N'zachisoni kuti munthu yemwe amasamala zimenezi pa mlandu wa malire a munda amaziiwala akangolowa pachipata cha bwalo la mpira.

Chipatso chachiwiri n'choopsa koposa. Munthu akakhulupirira kuti chofunika ndi chigoli chokha, njira iliyonse yochipezera imaoneka yololedwa. Ndiye gwero la zomwe tonse taziona: matimu okana kulowera pachipata n'kumakwera mpanda, zithumwa zokwiriridwa pagolo, madzi owazidwa pabwalo usiku. Kwa Msilamu iyi si nkhani yoseketsa, chifukwa kudalira zithumwa ndi shirk, tchimo lalikulu kuposa onse. Ndipo ndalama yopita kwa sing'anga ikadagula mipira ndi nsapato.

Chachitatu ndi juga. Wobetcha saonera mpira, amadikira nambala. Sasamala kuti mnyamata wa zaka 18 wasewera mwanzeru pakati pa bwalo. Akufuna kudziwa ngati tikiti yake yalowa. M'misika ya m'mbali mwa msewu uno, monganso m'madoko a kunyanja, ndalama ya ganyu ndi ya usipa ikuthera pafoni mwa njira imeneyi. Juga ndi haramu, ndipo kuwonjezera pa kusaukitsa mabanja, yaphunzitsa m'badwo wonse kuona masewera ngati manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere.

Nanga nyengo ya timu tiziiweruza motani? Msodzi wa ku Makanjira kapena ku Senga Bay ali nalo kale yankho. Usiku umodzi wobwerako chimanjamanja sutsimikiza kuti ndi msodzi woipa, pakuti mwera ukaomba ngakhale katswiri amabwerera kugombe. Koma akatha chaka chonse anzake akupha iye osapha, ayenera kuyang'ana ukonde wake, nyali zake ndi malo omwe amaponya. Chimodzimodzi ndi timu. Tiyang'ane mapointi, inde, ndipo tisawanyoze. Kenaka tifunse mafunso omwe m'ndandanda suyankha. Kodi timuyi imapanga mipata yochuluka kuposa yomwe imapereka kwa adani ake? Kodi idamaliza nyengo ikusewera bwino kuposa momwe idayambira? Ndi achinyamata angati omwe adalowa mu timu yaikulu n'kukhazikika? Idagwiritsa ntchito chuma chotani poyerekeza ndi anzake, popeza timu yothandizidwa ndi banki siingayezedwe pa muyeso umodzi ndi timu yodalira zopereka za pachipata? Ndipo kodi idapambana kapena kugonja mwaulemu, popanda ziwawa ndi zamatsenga? Mayankho a mafunso amenewa ndiwo amalosera za chaka chamawa, pomwe m'ndandanda umangosimba za chaka chatha.

Tikayeza Blue Eagles mwa njira imeneyi, chiweruzo chimakhala chodekha. Nambala yachiwiri ya 2022 sidatanthauze kuti timuyi yafika pa msinkhu wa Bullets, ndipo oitamanda mopyola muyeso adaithandiza kugona tulo. Kutuluka mu ligi mu 2023 kudali kulephera kwenikweni komwe sikuyenera kupakidwa mafuta, koma sikudali imfa. Chikho cha 2024 chidali chisangalalo choyenera, koma umboni wolemera kuposa chikhocho ndi wakuti timuyi sidabalalike itagwa, idapirira nyengo yonse m'mabwalo a ligi yaing'ono mpaka kubwerera. Amene adaitaya mu Disembala 2023 chifukwa cha m'ndandanda adaweruza msanga.

Timaphunzitsidwa kuyambira ku madrasa kuti munthu adzafunsidwa za niya yake ndi khama lake, pomwe mathero a zinthu ali m'manja mwa Allah. Chiphunzitso chimenechi sichipatsa waulesi pothawira, chifukwa khama lenileni limaoneka, ndipo pakapita nthawi limabala. Chimangotiletsa kunyoza wolimbika chifukwa cha tsiku limodzi loipa, ndi kulambira wopambana osafunsa njira yomwe wadzera. Mwana wanu akabwera madzulo kuchokera kubwalo la m'mudzi, fumbi lili thoo, musayambe ndi kumufunsa kuti zathera zingati. Yambani mwamufunsa momwe wasewerera, ngati adapatsira mnzake yemwe adali pamalo abwino, ndiponso ngati adapereka dzanja kwa omwe amugonjetsa. Zigoli adzakuuzani yekha.