Nyenyezi za mu ubongo amazijambula ndi utoto

Kachidutswa ka ubongo kosapakidwa kanthu sikakopa maso pa maikulosikopu. Kamangooneka mbuu, maselo ake osasiyanitsika. Kuti munthu aonepo kanthu, amayamba waumitsa mnofuwo m'mankhwala monga fomalini, n'kuucheka timagawo topyapyala kuposa tsitsi, kenako n'kuupaka utoto umene umagwira maselo ena n'kulambalala ena. Luso lonse lagona pa kusankhako. Ndipo maselo amene kusankhaku kwawanamizira kwambiri ndi glia, aja amadyetsa, kuteteza ndi kukuta maselo a minyewa.

Camillo Golgi ndiye anatsegula khomo mu 1873. Mankhwala ake, potassium dichromate ndi silver nitrate, ankadetsa bii selo limodzi apa, lina apo, ena onse n'kuwasiya osaoneka. Njirayi inakoma chifukwa cha kuumira kwake komweko, pakuti ikanadetsa onse pakanangooneka mdima. Mu 1913 Santiago Ramón y Cajal, ku Madrid, anakonza utoto wa golide umene unaonetsa bwino astrocyte, selo la glia lija mabuku amalijambula ngati nyenyezi. Koma panatsala timaselo tina tokana utoto, tooneka ngati tilibe nthambi.

Kwa ine, mmisiri weniweni pankhaniyi ndi Pío del Río Hortega. Ndi utoto wa silver carbonate, mu 1919 anaonetsa kuti ena mwa timaseloti ndi microglia, okhala ndi nthambi zopotanapotana, amene amasintha thupi n'kuyamba kumeza zinyalala ubongo ukavulala. Mu 1921 anafotokoza ena mwa timaseloti, oligodendrocyte. Maikulosikopu ake sanali oposa a anzake. Chimene anapambana nacho n'kuleza mtima posintha mankhwala ndi nthawi yoviika mnofu, komanso dzanja lodziwa kujambula. Zojambula zake mpaka lero munthu amazizindikira akaziika pambali pa zithunzi za makina amakono. Nanga mphoto yake? Mu 1920 anachotsedwa m'labotale ya Cajal atasemphana maganizo, ndipo anakamwalirira ku Buenos Aires mu 1945.

Masiku ano siliva analowedwa m'malo ndi utoto wowala umene umamatira puloteni imodzi yokha. Wofuna microglia amasaka Iba1, wofuna astrocyte amasaka GFAP, puloteni imene Lawrence Eng ndi anzake anaifotokoza mu 1971. Makina a confocal amajambula mnofuwo gawo ndi gawo, kompyuta n'kuwunjika zithunzizo pamodzi. Zotuluka zake n'zokongola zedi, nyenyezi zobiriwira ndi zofiira pamalo akuda, moti zina zimapambana mipikisano ya zithunzi.

Apa ndiye pali vuto langa. GFAP imapezeka m'nthambi zikuluzikulu zokha. Mu 2002 Eric Bushong ndi anzake ku San Diego anabaya utoto m'kati mwa selo limodzilimodzi mu ubongo woumitsidwa wa khoswe, n'kupeza kuti GFAP imaonetsa pafupifupi 15 peresenti yokha ya kukula kwa selo. Chimene tinkachitcha nyenyezi chili ngati mtengo wa m'chilimwe umene wayoyola masamba onse: thunthu ndi nthambi zilipo, koma mthunzi wake sungaudziwe. Selo lathunthu n'lowirira, ndipo lililonse lili ndi dera lakelake, silimalowerera kwenikweni kwa mnzake. Mfundo yaikulu chonchi inabisika ndi chithunzi chokongola.

Ngakhale kuumitsa kumene kumasintha zinthu. Timanthambi tating'ono ta astrocyte n'topyapyala kuposa mananomita 200, malire amene maikulosikopu wamba oyendera kuwala sadutsa, choncho pamafunika maikulosikopu a ma elekitironi. Mu 2015 gulu la Graham Knott ku Lausanne linayerekeza ubongo wa mbewa woumitsidwa ndi mankhwala ndi wina woziziritsidwa mwadzidzidzi. Mankhwala aja anafwaphitsa mnofu n'kutseka mipata ya pakati pa maselo, moti astrocyte ankaoneka okumbatira kwambiri malo olumikizirana minyewa kusiyana ndi mmene analili mu wozizira uja.

Sindikunena kuti GFAP kapena fomalini zitayidwe. Dokotala wopima ubongo wa womwalira amazidalira, ndipo zimamuuza zoona pa funso lake la komwe kwavulala. Koma chithunzi chofuna kutiuza maonekedwe a selo chiyenera kutsimikizidwa ndi njira ina yachiwiri. Mukadzaona nyenyezi zobiriwirazo m'buku kapena pa intaneti, funsani kaye utoto umene anapaka ndi mankhwala amene anaumitsira mnofuwo.