Vulcania: Sukulu Kapena Bwalo la Masewera?

M'chigawo cha Auvergne m'dziko la France muli mndandanda wa mapiri ophulika pafupifupi 80 otchedwa Chaîne des Puys, amene anazirala zaka zikwizikwi zapitazo. Pakati pa mapiriwa, kufupi ndi mzinda wa Clermont-Ferrand, panatsegulidwa chionetsero cha Vulcania m'chaka cha 2002. Amene analimbikira kuti chimangidwe ndi Valéry Giscard d'Estaing, mtsogoleri wakale wa dzikolo, ndipo wojambula mapulani ake anali Hans Hollein wa ku Austria.

Luso la Hollein ndi lotamandika. Mbali yaikulu ya nyumbayi anaikumba pansi, m'thanthwe la chiphalaphala chimene chinauma kalekale, kotero kuti mlendo amatsika ngati akulowa m'mimba mwa phiri. M'zipinda zina amaonetsa kanema mipando ikugwedezeka ndipo mkokomo ukumveka mbali zonse. Mwana amene anangowerenga m'buku kuti miyala imasungunuka pansi pa dziko, ndi kuti mpweya wopanikizika ndiwo umaikankhira kunja, amatuluka atamvetsa. Apa chionetserochi chikuposa choko ndi bolodi.

Komabe chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Alendo atayamba kuchepa, oyang'anira malowa anaonjezera zosangalatsa, mpaka mu 2021 anaikamo Namazu, kasitima kaliwiro kotsanzira chivomezi. Okweramo amakuwa ndi kuseka, kenaka n'kupita kukadya. Kodi phunziro limene amatengapo ndi lotani? Mu Januwale 2002, chaka chomwecho chimene Vulcania anatsegulidwa, chiphalaphala cha phiri la Nyiragongo chinadutsa pakati pa mzinda wa Goma ku Congo, anthu zikwi mazanamazana n'kuthawa kwawo. Akatswiri a mapiri ophulika a ku France komweko, Maurice ndi Katia Krafft, anafera pa phiri la Unzen ku Japan mu 1991. Mpando wogwedezeka sungafotokoze maliro otere.

Kusangalatsa wophunzira si kulakwa, pakuti mphunzitsi wanzeru amatero kuti phunziro lilowe. Cholakwika n'chakuti chisangalalo chiphimbe phunzirolo. Muyeso wa chionetsero chotere ndi uwu: kodi mwana potuluka angathe kunena chifukwa chake phiri limaphulika, zizindikiro zimene limapereka, ndi chimene anthu okhala m'tsinde mwake ayenera kuchita? Ngati akukumbukira liwiro la kasitima kokha, ndiye kuti wapita kudambwe n'kubwerako wosavinidwa.