Kalata ya Mabishopu ya 1992: Mphamvu Yake ndi Pamene Inaperewera

Mphunzitsi wofuna kuona m'mene chinenero chathu chinganyamulire nkhani yolemera ayenera kuwerenga kalata imene mabishopu a Mpingo wa Katolika analemba m'chaka cha 1992. Inawerengedwa m'matchalitchi awo pa 8 Marichi, Lamulungu loyamba la Lenti, ndipo inasindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Masiku amenewo dziko la Malawi linali ndi chipani chimodzi chokha, Malawi Congress Party, monga lamulo la 1966 linakhazikitsira, ndipo Dr. Kamuzu Banda anali Mtsogoleri wa Muyaya kuyambira 1971.

Mphamvu ya kalatayi iri m'kusankha kwake zinthu zimene munthu wa kumudzi anaziona ndi maso. Olembawo sananyoze munthu, ndiponso sanapemphe zipani zambiri. Iwo anatchula malipiro ochepa a antchito, ana odzazana m'sukulu zosowa aphunzitsi, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, zopereka zokakamiza, ndi kubweza anthu pa msika kapena pa chipatala chifukwa chosowa khadi la chipani. Mayi aliyense amene anabwererapo ndi dengu lake pa chipata cha msika anamva kuti akunena za iye. Akale anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Boma silinamve chotero. Linati kalatayo ndi youkira, apolisi anafunsa mabishopu, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anapirikitsidwa m'dziko.

Komabe wowerenga wanzeru adzapeza pamene inaperewera. Inanena za khadi, koma siinatchule ndi dzina anthu amene khadilo linawazunza koposa onse, ndiwo Mboni za Yehova. Iwowa anakana kuligula, pokhulupirira kuti Mkhristu asalowe ndale. Mpingo wawo unaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi zambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, nyumba zawo zitatenthedwa ndi ntchito zawo zitalandidwa. Kuchokera 1967 kufikira 1992 ndi zaka 25, ndipo mwa zaka zimenezo mipingo ikuluikulu siinawanenere poyera. Kapena inaganiza kuti tsokalo ndi la kagulu kachilendo. Inaiwala kuti chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Apa ndi pamene pagona phunziro. Ufulu wa chipembedzo ndi ufulu wa ndale ndiwo mtengo umodzi, pakuti khadi lomwe linatsekera wa Mboni Nyumba ya Ufumu linatsekeranso wa Katolika ndi Msilamu chipata cha msika. Mbiri inatsimikiza zimenezi: anthu atasankha zipani zambiri pa 14 Juni 1993, chiletso cha Mboni chinachotsedwa chaka chomwecho.

Tsono inu amene mukukonzekera kuphunzitsa ana, tengani ziwiri m'kalatayi. Choyamba, phunzitsani ana kulemba zimene aona, m'mawu oona ndi aulemu, pakuti mawu otero ndiwo anagwedeza Boma. Chachiwiri, mwana wa mpingo wochepa akakana mwambo wina wa pa sukulu chifukwa cha chikhulupiriro cha kwawo, muyambe mwamufunsa chifukwa chake musanamuweruze, ndipo anzake asamuseke inu muli pomwepo.