Ng'oma za Kinnah Phiri, Phiri Loyaka Moto

Wambani ng'oma, anyamata! Iyandikizeni kumoto chikopa chikungike, matani phula pakati, pakuti dzina limene titchule usiku uno silifuna ng'oma yolefuka. Mbalule itsogole, mpanje utsatire, gunda agunde mpaka nthaka imve. Amayi, konzani kukhosi, nthungululu ifunika posachedwa.

Di! Di! Di-di-di!

Ndi inu a Phiri tikuitana. Kinnah Phiri, mwana wa 1954, wobadwa dziko lisanalandire mbendera yake. Phiri losakwereka ndi otchinga kumbuyo. Mwendo wosafunsa njira. Mphenzi yogwa kopanda mitambo. Iwo amene adakuonani adasowa dzina lokukwanani m'chinenero chathu, nakabwereka la Electric, ndipo magetsi anuwo sadali othimathima ngati awa tidazolowera ife. Chiwopsezo cha magoloboyi, mlendo wosagogoda pakhomo la ukonde, mwini Chichiri masana a Loweruka. Mudavala zofiira za Bata Bullets, Maule a anthu wamba, ndipo Manoma, a Wanderers a ku Lali Lubani, ankagona tulo tamaso dzina lanu likakhala pamndandanda.

Gunda, yankha! Di!

Tiwerenge, poti wotamanda wosadziwa kuwerenga ndi wabodza. Zigoli 71 mudamwetsera dziko lanu, m'masewero oposa 100, ndipo kufikira lero palibe mwana wa Flames amene wafika pamenepo. Didier Drogba, njovu ya ku Côte d'Ivoire imene dziko lonse lidaionera pa kanema, adalekera pa 65. Samuel Eto'o wa ku Cameroon adalekera pa 56. Kuti tipeze wokuposani tiwoloke malire a Mchinji, tikagwade pamanda a Godfrey Chitalu wa ku Zambia, mwini zigoli 79, ndipo ameneyo timuvulira chipewa mosanyinyirika, pakuti mkango umadziwa mkango unzake.

Koma tamverani chimene chandidzutsa kuti ndigwire ng'oma. Zigoli 71 zimenezo, ndani adaziona? Wailesi yakanema idafika m'dziko muno mu 1999, inu mutakoleka kale nsapato. Zigoli zanu zidalowa m'makutu. Zidadutsa mu wailesi ya MBC, m'kabokosi ka mabatire oyanikidwa padzuwa, pansi pa mtengo wamango pamene mudzi wonse udaunjikana, wina atagwira waya kuti mawu asathawe. Agogo a ku Nsanje ali ndi chigoli chawo cha Kinnah, amalume a ku Chitipa ali ndi chawo, ndipo mukawakhazika pamodzi adzakangana mpaka nsima kuzizira: wina akuti adamenya ndi mutu, wina akuti ndi mwendo wamanzere, wina akulumbira kuti goloboyi adathawa yekha. Drogba ali ndi kanema womusunga. Inu muli ndi pakamwa pa anthu, ndi ng'oma iyi.

Choncho lira, mbalule, usatope. Ndi-ndi-ndi! Ndiwe kanema wathu.

Lira za 1978, chaka chimene chikho cha mayiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa chidaseweredwa kwathu konkuno, Zambia nigwa 3 kwa 2 m'ndime yomaliza, chikho nichigona m'Malawi koyamba. Lira za 1979, pamene anyamata omwewo adapita ku Kenya nakalanda chikhocho m'manja mwa eni bwalo, 3 kwa 2 kachiwiri, kuti asapezeke wonena kuti chaka chatha lidali tsoka la alendo. Mngelezi Ted Powell ali pabenchi, Jack Chamangwana atatseka kumbuyo ngati chitseko cha nkhokwe, inu kutsogolo mukununkhiza golo. Ana a m'makwalala a Ndirande, pomenya mpira wachikulunga womanga ndi mapepala ndi luzi, ankalimbirana dzina: aliyense afuna akhale Kinnah, wotsala yekha ndiye akaime pagolo.

Kenaka mudanyamuka. Mbalame yosamangidwa ndi chisa chimodzi, mudakatera ku Swaziland, dziko limene lero likutchedwa Eswatini, nimuvala malaya a Manzini Wanderers. Inde, Wanderers! Mwana wa Maule kukathera m'timu ya dzina la mdani. Masapota a Bullets, musandiponyere miyala, sindine ndidasankha.

Tsitsani ng'oma pang'ono. Apa nyimbo isintha.

Alipo ambiri odziwa kuvina amene sadziwa kuphunzitsa gule. Mwendo umadziwa zinthu zimene pakamwa sipatha kufotokoza, ndipo akatswiri ochuluka, atakhala pabenchi, amangopsa mtima poona mwana akulephera chimene iwo ankachita ali m'tulo. Inu a Phiri mudasamutsa moto kuuchotsa kumwendo kuupititsa kulilime. Namkungwi wa anyamata. Msodzi wodziwa pogona chambo. Mbusa wosasowa mluzu.

Mu 2004 mudabwerera kunyumba yanu yakale, itasintha dzina kukhala Bakili Bullets, nimuitengera kumene timu ya m'Malawi idali isanapondeko: ndime ya magulu ya CAF Champions League. Orlando Pirates ya ku Johannesburg, ndi ndalama zake zonse, idatsala panjira. Anyamata a ku Blantyre adakaima bwalo limodzi ndi Enyimba ya ku Nigeria, Étoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Abidjan. Sadatenge chikho, adachitenga ndi a Enyimba, koma pakhomo paja adalowa ndithu, nakhala pamphasa ya akuluakulu. Ku South Africa nako adamva fungo, Free State Stars nikuitanani.

Tsono kwezani! Kwezani manja, oimba ng'oma, apa ndiye pamtima pa gule!

Di-di-di! Di-di-di! Di!

Chaka cha 2008, mphunzitsi Stephen Constantine atachoka, Flames ili phulusa lokhalokha, adakupatsani nkhuni zonyowa nati kolezani. Mudagwada, mudauzira. Djibouti idabwera ku Kamuzu Stadium nisenza zigoli 8 kwa 1. Anthu adati, aaa, Djibouti ndi ndani? Ndiye kudabwera Egypt, mafumu a Africa, atangonyamula chikho kawiri motsatizana, mu 2006 ndi 2008. Mphindi 90 zidatha popanda wogoletsa, ena atayamba kale kutsika masitepe kuthamangira minibasi, pamene Chiukepo Msowoya adang'amba ukonde. Amene adatuluka msanga tsiku limenelo mpaka lero amanama kuti adachiona. DR Congo idagwa 2 kwa 1. Guinea idagwa 2 kwa 1. Côte d'Ivoire, imene idatikwapula 5 kwa duu ku Abidjan pa tsiku lachisoni lija anthu adafa popanikizana pabwalo, itafika ku Blantyre idapeza Jacob Ngwira atagoletsa kale, mpaka Drogba adachita kudzuka pabenchi kudzapulumutsa anzake, 1 kwa 1.

Wotsegula chitseko chimene chidatsekeka zaka 26! Kuchokera 1984 Malawi idali isanapitenso ku chikho cha Africa, ndipo mwana wobadwa chaka chimenecho adali atakwatira, ali ndi ana akeake, pamene inu mudakweza timu ndege ya ku Angola.

Luanda, 11 Januwale 2010. Dzuwa lili pamutu, mipando yambiri m'bwalo ili yopanda anthu, pakuti ndani akadataya ndalama kukaonera Malawi? Patsogolo pathu Algeria, imene idali ndi tikiti ya World Cup m'thumba. Russel Mwafulirwa, chimodzi! Elvis Kafoteka ndi mutu, chiwiri! Davi Banda atangobwera kopuma, chitatu! Peter Mponda, kaputeni, atayala chifuwa kumbuyo, Algeria osalawa kanthu. Nthungululu, amayi, ndi pano ndinkanena paja! Lilongwe idaima, Mzuzu idaima, ku Limbe ogulitsa adasiya malonda pamsika, ndipo usiku umenewo dzina la Malawi lidali pamwamba pa gulu, Angola ndi Mali zili pansi. Ulendo uno tidaona ndi maso athu. Mwana amene zigoli zake zidangomveka m'wailesi adatipatsa zigoli zooneka, ngakhale kuti adazimenya ndi miyendo ya ana a eni.

Ng'oma yoona siibisa maliro. Angola idatigonjetsa 2 kwa duu. Ku Cabinda, mphindi imodzi isanathe, Frédéric Kanouté adali atagoletsa kale, Seydou Keita naonjezera anthu asanakhazikike, ndipo Mali idapambana 3 kwa 1. Tidabwerako. Mu Okutobala 2011, ku N'Djamena, tikutsogola 2 kwa 1, tikiti ya ku chikho cha 2012 ili m'manja, Chad idabweza m'mphindi zomalizira, Tunisia nitenga malo athu. Mabala amenewo ndi anu, a Phiri, ndipo sitikuchotserani. Phiri lopanda zigwembe ndi chulu.

Januwale 2013 adakuchotsani ntchito. Omwe aja adakunyamulani pamapewa ndiwo ankaimba foni ku wailesi kuti mwakalamba, nzeru zatha. Ine ndidali mmodzi mwa iwo, ndisaname pamaso pa ng'oma. Inu mudangonyamula chikwama, kubwerera ku Free State Stars, kenaka kuwoloka Songwe kupita ku Mbeya City ya ku Tanzania, kukaphunzitsa ana a eni kuima pamalo ndi kuponya mpira pansi.

Moto wazilala, chikopa chayamba kulefuka. Mnyamata iwe, thamanga ukatenge udzu tiwambenso, ndipo podutsa uwadzutse agogo aja agona pakhondepo. Akuti adaliko mu 1978, adaona ndi maso, ndipo sitinawafunse kuti chigoli chija chidalowa ndi mwendo uti.

Di! Di! Di-di-di!